Makaseti a M'chitenje Chobiriwira

Tsiku limenelo kunkatentha monga kumatenthera kuno ku Feira mvula ikangotha kumene, kutentha kwa chinyezi komwe kumamatira pakhungu. Linali la Sondo, masana. Mitambo inaunjikana cha ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje, koma aliyense ankadziwa kuti sigwetsa kanthu. Kudoko injini ya boti inkalira n'kuzima, kulira n'kuzima, ndipo njiwa ziwiri zinkayankhana mumsawu wa pakhomo panga. Ndimakumbukira zonsezi chifukwa ndinakhala nthawi yaitali ndili chigwadire pafupi ndi bedi, osachita kanthu, ndikungomvetsera.

Ndinali nditangobwera kutchalitchi. Ndinavula jekete, n'kugwada kuti nditenge kamtolo kamene kankakhala pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi. Panalibe. Ndinatulutsa sutikesiyo, nsapato zakale ndi chikwanje, kenako ndinasesa, ngakhale kusesako kunalibe nzeru, pakuti makaseti asanu ndi awiri okulungidwa m'chitenje sangabisale m'fumbi.

Ndinabwera kuno zaka zambiri zapitazo kuchokera kum'mawa, kudzagwira ntchito ya ukalaliki pa boma. Ndinakwatira mkazi wa ku Mphuka, ndipo nditapuma pantchito sindinaonenso chifukwa chobwerera kwathu. Masiku oyambawo wailesi ya ku Lusaka inkafika movutikira, ya kutsidya ndiyo inkamveka bwino. Pa Sondo masana inkaulutsa nyimbo zopanda woimba: piyano, gitala, malipenga, ndi mavayolini ambiri oyenda pamodzi pang'onopang'ono. Muulutsi ankalankhula mawu ochepa m'chinenero chomwe sindinkachimva, kenako n'kukhala chete. Mlungu wonse ndinkamva madandaulo a anthu pawindo la ofesi, ndiye nyimbo zosandipempha kanthu zinkandipumitsa. Mkulu wina wa mpingo anandifunsapo ngati zinali zoyenera tsiku la Mulungu. Ndinamuyankha kuti sindinamvepo lipenga likutukwana, ndipo anaisiya nkhaniyo.

Nditagula rekoda yanga yoyamba, kujambula kwake kunali kwa mavuto. Inali yapayokha, yosalumikizana ndi wailesi. Ndinkaziika patebulo zitayang'anizana ngati anthu awiri okambirana, ndipo chilichonse chomveka m'nyumba chinkalowa mu kaseti. Choncho tinkatseka chitseko ngakhale kukutentha chotani. Mkazi wanga ankathamangitsa nkhuku pulogalamu isanayambe, kenako n'kukhala pamphasa kusita zovala zanga za Lolemba ndi nsimbi ya makala, pakamwa atatseka. Mayina a nyimbozo sitinkawadziwa, ndiye iye ankalemba pa kaseti iliyonse zomwe zinachitika tsikulo. Ina anailemba "Mbuzi inalowa", ina "Mvula ya matalala", ina "Alendo anachedwa".

Patapita nthawi ndinagula wailesi yojambulira mkati momwemo, ndipo makaseti otsatira anatuluka oyera, opanda chifuwa cha munthu kapena tambala. Amenewo ndi ambiri, opitirira zana, ndipo ali pashelefu pabalaza, iliyonse m'kabokosi kake. Pulogalamu ija inatha kalekale, koma ine ndinapitiriza kusonkhanitsa nyimbo za mtundu umenewo kulikonse ndikazipeza, kwa aphunzitsi osamuka, pamsika wa ku Lusaka, ngakhale kwa amalonda owoloka mtsinje. Asanu ndi awiri oyamba aja timabokosi tawo tinasweka kale. Mkazi wanga atamwalira, zaka zinayi zapitazo, ndinawakulunga m'chitenje chake chobiriwira n'kuwaika pansi pa bedi.

Pa asanu ndi awiriwo panali imodzi yolembedwa kuti "Ya nsimbi". Chakumapeto kwa mbali yoyamba pali nyimbo ya lipenga limodzi, yofatsa, ndipo pansi pake pamamveka nsimbi ikugunda pachotsamira chake ndi munthu akung'ung'udza motsatira lipengalo. Nyimbo ikatha, iye amafunsa chonong'ona kuti, "Mwazimitsa? Ndilankhule tsopano?" Ine ndimamuletsa ndi kamluzu, iye n'kuseka. Kuseka kwake kumatenga nthawi yomwe munthu angamwere madzi kapu imodzi. Zithunzi zake ndili nazo zitatu, koma mawu ake analipo pamenepo pokha padziko lonse. Sindinkaiyimba kawirikawiri, poopa kuti tepi ingathe. Ndinkaitulutsa mwina kamodzi pamwezi, mtima ukalemera.

Ndinakhala pabedi n'kuyamba kuwerenga anthu amene analowa m'nyumba mwanga chiyambire pomwe ndinaimva komaliza. Sanali ambiri. Alamu anga a ku Mphuka, mlongo wake wa malemu, anagona kwathu masiku awiri m'mwezi wa Malichi, atabwera ndi akazi awo kuchipatala kudzachotsa dzino. Ndinawaganizira pang'ono n'kuwachotsa. Kwawo kulibe magetsi, rekoda alibe, ndipo alamu angawo nyimbo zanga ankazitcha zogonetsa ana. Akanatenga makaseti kuti achite nawo chiyani? Wakuba wamba akanatenga wailesi, jekete ndi njinga. Amene anatenga mtolo uja anasiya zonsezo. Ndiye anali munthu wodziwa chimene akufuna, ndipo munthu wotere mu Feira yense analipo mmodzi.

Aneba anga anatumizidwa kuno kuchokera ku Lusaka ndi ofesi ya zaulimi. Ndi bambo wa zaka za m'ma makumi anayi, wokonda kuseka, wokhala yekha chifukwa banja analisiya kutauni. Tsiku lina anamva piyano ikuchokera pawindo langa, n'kuima pampanda mpaka nyimbo itatha. Kuyambira pamenepo ankabwera pa Sondo masana, kukhala pampando wa malemu, maso atatsinzina. Bambo ake, iye anati, ankamvera zomwezi. Ndinakondwa naye, sindikana. Kwa zaka zambiri ndinalibe munthu woti ndimuuze kuti, tamverani pamene gitala alowere.

Koma anali atandipempha katatu kuti abwereke makaseti akawasamutsire mu kompyuta yake. "Ba mudala, izi zizaonongeka na kupya kwa kuno," ankatero m'Chinyanja chake cha m'tauni. Katatu konse ndinakana mwaulemu. Ndipo tsiku lina, mwa kufooka kwanga, ndinamuonetsa mtolo uja. Sindinamuimbire, ndinangomasula chitenje n'kumuonetsa zolemba za mkazi wanga. Anati zakale zoterezi ndiye zenizeni, zosapezeka kwina kulikonse. Ankadziwanso mwala umene ndimabisapo kiyi, chifukwa ndi iye amadyetsa nkhuku zanga ndikachoka.

Ine sindifulumira kuweruza munthu. Pantchito ndinaona anthu ambiri akunamiziridwa, ndipo ndinaphunzira kudikira. Choncho sindinanene kanthu. Koma ndinazindikira kuti kukhala chete si kofanana ndi kusaweruza. Madzulo a tsiku lomwelo anandipatsa moni pampanda, ndipo ndinaona kuti moni wake unali wautali kuposa masiku onse. M'mawa mwake anadutsa mofulumira ndi njinga yake yamoto, atangokweza dzanja, ndipo ndinati akundithawa. Akaseka, ndinkamva chinyengo. Akapanda kuseka, ndinkaona manyazi. Kiyi ndinaichotsa pansi pa mwala n'kuyamba kuyenda nayo m'thumba.

Lachitatu, dzuwa likupendeka, ndikuthirira matimati kuseri kwa nyumba, ndinamva lipenga lija. Linkachokera m'nyumba mwake. Ndinaika keni pansi n'kuyandikira mpanda, ine mkulu wa mpingo, kuima pakati pa zitsamba ngati mbuzi. Inali nyimbo yomweyo, sindikanaisokoneza ndi ina. Ndinadikira kuti ithe. Ndinagwira mtengo wa mpanda, ndikuyembekeza kumva mkazi wanga akufunsa m'nyumba ya mwamuna wina ngati angalankhule tsopano. Lipenga linatha, ndipo pomwepo inayamba nyimbo ina ya piyano. Kunalibe nsimbi, kunalibe kuseka.

Munthu wanzeru akanaona pamenepo kuti si kaseti yanga. Ine ndinaganiza zina. Ndinakumbukira kuti iye anandiuzapo kuti kompyuta imatha kuchotsa phokoso n'kusiya nyimbo yoyera. Ndinati wamuchotsa. Wamva mawu a mkazi wanga, wawayesa phokoso, wawadula n'kuwataya.

Patapita masiku awiri ndinamufunsa mozungulira, ngati nkhani wamba, kuti nyimbo ya lipenga ija anaipeza kuti. Sanachite mantha. Anatulutsa foni n'kundionetsa. Anati masiku ano pafoni pali mawailesi ongoimba nyimbo zoterezi tsiku lonse, osalankhula. Anati tsiku lina akudutsa anaimva pawindo langa, n'kuyandikitsa foni, ndipo foniyo inamuuza dzina la nyimboyo, iye n'kuifufuza. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Mumtima ndinati bodza limeneli ndi lalikulu kuposa lofunika. Ine ndi mkazi wanga tinakhala zaka makumi atatu osadziwa dzina la nyimbo imeneyo, ndiye foni ingoimva pawindo n'kuitchula? Ndipo pawindo langapo ankafunapo chiyani?

Sondo lotsatira kutchalitchi kunali Mgonero wa Ambuye. Anthu atayamba kupita kutsogolo, ine ndinakhala pansi. Sindikanatha kulandira ndili ndi munthu pakhosi. Amayi ena achikulire anandifunsa panja ngati ndikudwala, ndipo ndinayankha kuti pang'ono. Masana ake aneba anabwera monga mwa masiku onse. Ndinawauza kuti mutu ukundipweteka, ndipo anabwerera. Ndinapemphera kuti ngati ndikumunamizira Mulungu andionetse, koma ndikuvomereza kuti popempherapo ndinali nditamuuza kale Mulungu yankho.

Chaka chilichonse mvula ikatha ndimapita ku Mphuka kukalambula manda a mkazi wanga. Mlungu wachitatu wa nkhani imeneyi ndinapita kumsika kukafunsa za galimoto, ndipo aneba anamva. Anati iwonso akupita komweko Lachisanu kukaona minda ya mapira, chifukwa alimi ankadandaula za mbalame, ndiye ndikwere nawo. Ndinasowa chokanira. Choncho ndinakhala kumbuyo kwa njinga yamoto, khasu nditalimanga kumsana, manja anga atagwira m'chiuno mwa munthu amene ndinkamuyesa wakuba. Msewu unali utakumbika ndi mvula, ndipo pa dzenje lililonse ndinkamugwira zolimba. Iye ankafuula nkhani zake mumphepo, ine ndikuyang'ana khosi lake n'kumadzifunsa ngati makaseti anga ali m'chikwama chimene chinali pakati pathu.

Tinapeza alamu ali pakhomo akusoka ukonde. Anandilandira bwino, n'kundiseka monga amachitira kuti ndanenepa ndi nyimbo. Ine ndi alamu tinapita kumanda, tinalambula, tinapemphera. Pobwerera anati tidzere kumunda, kumene akazi awo ankaingitsa mbalame, ndipo aneba anatipeza panjira. Munda umenewo unali wa mkazi wanga, ndipo atamwalira unabwerera kwa abale ake monga mwa mwambo.

Tisanauone mundawo ndinamva kulira kwachilendo, kopyapyala, ngati njuchi zili kutali. Titatuluka m'tchire ndinaona kuti pamwamba pa mapira pali timizere tonyezimira, tomangidwa kuchokera pamtengo kufika pamtengo, m'litali ndi m'lifupi, munda wonse. Mphepo ya kumtsinje ikawomba tinkanjenjemera n'kumalira, dzuwa likuthwanima pa ito. Mpheta zinkabwera gulu, n'kutembenuka zisanatere.

Aneba anakondwa. Anati imeneyi ndi nzeru, adzauza alimi ena. Anafunsa alamu kuti tepi yochuluka chonchi anaipeza kuti masiku ano. Ine ndinali ndikuyang'ana pansanja ya pakati pa munda, pamene akazi a alamu anaimirira ndi chitini cha miyala m'manja. Anali atavala chitenje chobiriwira.

Pamtengo wa pakona panali zikhokhombe za makaseti, zomangidwa pamodzi ndi luzi kuti zizigundana mumphepo. Ndinapita n'kuzigwira kuti zileke kugwedera. Dzuwa linali litafufutsa inki, koma dzanja la mkazi wanga ndimalidziwa. "Mbuzi inalowa." "Alendo anachedwa." Yachitatu inali "Ya nsimbi". M'kati mwake munalibe kanthu.

Amayi aja anatsika pansanja n'kubwera pang'onopang'ono. Anafotokoza maso ali pansi. Tsiku lija anagona kwathu, anati andisesere m'nyumba, pakuti nyumba ya mwamuna wokhala yekha imadziwika ndi pansi pa bedi. Anapeza mtolo n'kuzindikira chitenje. Pogawa zovala za malemu, akuluakulu anatchula chitenje chimenecho kuti chipite kwa iwo, koma sichinapezeke, ndipo nkhani inathera pomwepo. Anauza amuna awo. Alamu anati katundu wa mlongo wawo ayenera kubwerera kwawo, koma kupempha nsalu kwa wamasiye patapita zaka zinayi n'kudzutsanso maliro, ndi bwino kungotenga mwakachetechete. Makasetiwo anaona kuti alibe timabokosi, ndi akuda ndi ukalamba, ndipo ali pamodzi ndi nsapato zong'ambika. Anati ndi otayidwa. Mbalame chaka chino zinabwera zambiri, ndipo alamu anakumbukira kuti kale anthu ankatchinga minda ndi tepi.

"Alamu, abwino aja a pashelefu sitinakhudze ngakhale imodzi," anatero amayiwo. "Tinasankha akufa okhaokha."

Ndinawauza zomwe zinali mu kaseti imene ndinaigwira. Sindinakweze mawu. Ndinati munali mlongo wanu akung'ung'udza nyimbo, akufunsa funso, akuseka. Ndinati kwina kulikonse kulibe.

Alamu anavula chipewa. Akazi awo anakhala pansi pomwepo pamzere, n'kuphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje chomwecho, kenako anazindikira chimene agwira n'kuchisiya. Alamu anathamangira kumtengo wapafupi n'kuyamba kumasula mfundo. Aneba anatulutsa bolopeni m'thumba kuti akulungire tepiyo, n'kufunsa kuti ya kaseti imeneyi ndi iti. Palibe ankadziwa. Anali atadula zidutswazidutswa n'kulumikiza ndi mfundo monga amalumikizira ukonde. Ndinagwira kachidutswa kamodzi. Kanali katapiringizika ndi dzuwa la mwezi wathunthu, ndipo zofiirira zake zinatsalira pa zala zanga ngati fumbi.

Ndinawauza kuti aleke. Akamasula, mbalame zidya mapira, ndipo mawuwo sabwerera. Alamu anaima ndi tepi m'manja, osadziwa kuti amange kapena amasule. Ndinawauzanso kuti amange. Ndinadula luzi n'kutenga chikhokhombe chimodzi chija, ndipo chakudya chimene anatikonzera sindinadye. Ndinati kunja kukuda, ngakhale dzuwa linali likadali pamutu.

Pobwerera ndinapempha aneba kuti aime pansi pa mlambe wina wa m'mbali mwa msewu. Ndinatsika n'kuwauza zonse: kuti ndinkawayesa wakuba, za kiyi, za mpanda, za mutu umene sunkapweteka. Anandiyang'ana n'kufunsa:

"Milungu itatu, ba mudala? Nenze kawalala milungu itatu, na moni munali kunipasa?"

Ndinavomera, n'kupepesa. Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikunafike m'maso, ndipo ulendo wotsalawo sanafuulenso nkhani mumphepo. Sondo lotsatira sanabwere. Linzake anabwera, atanyamula foni, n'kuiyandikitsa pa wailesi yanga kuti ndione ndekha. Inatchuladi dzina la nyimbo. Ndinamuuza kuti asandiwerengere la lipenga lija. Kenako ndinatsitsa makaseti khumi pashelefu n'kumupatsa kuti akayambe kusamutsa.

Za alamu zinanditengera nthawi. Ndinkadziuza kuti sanadziwe, ndipo zinali zoona. Koma ndinkadziyankhanso kuti akanafunsa, ndipo nazonso zinali zoona. Masiku ena ndinkayesa kukumbukira kuseka kuja n'kupeza kuti ndikukumbukira kaseti, osati munthu, ndipo tsopano kasetiyo kulibe. Mgonero wina unadutsa ndili chikhalire. Chimene chinkandivuta kwambiri n'chakuti ine, amene ndinkafuna kuti iwo akanafunsa, ndinakhala milungu itatu osafunsa munthu wokhala kuseri kwa mpanda wanga.

Atakolola, alamu ndi akazi awo anabwera onse awiri pagalimoto ya makala. Anatula thumba la mapira pakhomo, n'kukana mipando, n'kukhala pansi pa msawu. Amayi aja anatulutsa chitenje chobiriwira, chochapidwa ndi chopindidwa bwino, n'kuchiika pamapazi anga. Alamu, munthu wosatha nthabwala, sananene nthabwala ngakhale imodzi. Anangoti abwera kuti ndiwauze chochita.

Ndinatola chitenjecho n'kuchibwezera m'manja mwa amayiwo, chifukwa chinali chawo kuyambira tsiku logawa zovala. Mapira ndinalandira. Ndinalowa m'nyumba kukaika madzi a tiyi pamoto, ndipo ndinawaitana kuti alowe akhale pamipando.

Ndinawakhululukira.